Bambo Anadya ku Dzoole

Lilongwe
23 Okotobala 1989

Akulu anga a Tabita,

Kalata yanu yandipeza masana ano ndikutaipa ku ntchito, pepala lili pakati. Nditaona kuti pa envelopu pali dzanja lanu osati la Bambo, ndinadziwiratu kuti kwagwa kanthu, pakuti Bambo, mphunzitsi wa zaka zonse zija, sanalolepo munthu kuwalembera kalata. Ndinaiwerenga choimirira. Taonani, ndi moni yemwe ndaiwala. Muli bwanji inu ndi ana?

Mwati Bambo akhala akubisa matenda kuyambira nthawi yokolola, kuti ululu uli pamwamba pa mchombo ndipo ukulasa mpaka kumsana, ndiponso kuti chotupacho mwachikhudza ndi dzanja lanu. Kapepala ka ku chipatala cha pa boma kamene munaikamo ndathamanga nako ku chipatala chachikulu nditaweruka. Adokotala akuganizira kapamba, kachiwalo kamene kamabisala kuseri kwa chifu.

Kuno kwabwera makina atsopano oonera m'mimba popanda kung'amba. Si ekisileyi ayi. Amapaka mafuta pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo konga ayironi yaing'ono. Kameneko kamatumiza mawu amene khutu silimva, ndipo mawuwo akagunda chiwalo amabwerera, monga tinkafuulira kuphiri tili ana, phiri n'kutiyankha. Kuyankhako ndiko kumaoneka pa kagalasi ngati chithunzi. Adokotala akuti ngati chili chithumba cha madzi okhaokha angathe kuchita opaleshoni n'kukhetsa madziwo, koma safuna kugwira mpeni asanaone.

Amaunika Lachinayi lokha, ndipo atipatsa pa 9 Novembala. Bambo anyamuke Lachitatu adzagone kwa ine. Chachikulu ndi ichi: akadya Lachitatu madzulo asadyenso kanthu mpaka ataunikidwa. Phala ayi, tiyi ayi, thobwa ayi. Chakudya ndi mpweya zikakhala m'chifu, mawu aja sadutsa ndipo kapamba saoneka. Ndikukudziwani, Akulu, simulola munthu kutuluka pakhomo wopanda kamba. Kamba adye Lachitatu, wotsala ataye. Asaiwale khadi la chipani, pa Mponela amafunsa.

Mng'ono wanu,
Rebeka

Kasakula, Ntchisi
30 Okotobala 1989

Rebeka mng'ono wanga,

Moni. Ife tadzuka, ana ali bwino, koma wamng'onoyu akutsokomola, ndiye ine sinditha kuperekeza Bambo. Abwera okha. Akuti msewu wa ku Lilongwe anauyenda iwe usanabadwe.

Kalata yako ndinawawerengera pakhonde. Pamene unalemba za kusadya anaseka mpaka kugwira m'mbali, amvekere, "Makina ofuna munthu wanjala? Awabweretse ku Ntchisi kuno mwezi wa Febuluwale, agwira ntchito mpaka atopa." Koma kudya kumene akudya pang'ono masiku ano. Akangoonjeza, zimabwerera.

A Nedson, mwana wa azakhali, anabwera Lamlungu kudzazonda. Kwa Bambo anakhala kanthawi kochepa, kenaka ndinawaona akuyenda m'malire mwa munda manja ali kumbuyo ngati a zaulimi.

Bambo pobwerera ukawapatsire sopo.

Ine mkulu wako,
Tabita

Lilongwe
17 Novembala 1989

Akulu,

Moni. Lero ndilibe mawu okoma, mundikhululukire.

Lachitatu lija ndinadikira pa depoti mpaka basi yomaliza, Bambo osaoneka. Anafika Lachinayi dzuwa litakwera, pa lole ya chimanga, jekete lili mbuu, koma nkhope ili mwee. Akuti basi yawo inafera pa Mponela. Sindinafunse zambiri, tinangothamangira ku chipatala.

Anandilola kulowa nawo. Adokotala anapaka mafuta aja, kuyendetsa kachipangizo uku ndi uku, kuwagoneka chammbali, kuwauza kuti akoke mpweya n'kuugwira. Kenaka anaima.

"Bambo, mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Nkhuku," Bambo anayankha, maso ali kudenga. "Ndi nthutumba yomwe."

Nesi anagwira pakamwa. Ine ndinalakalaka pansi patatseguka. Adokotala anatembenuzira kagalasi kwa ine. Panali potuwa ponseponse ngati nkhungu ya pa phiri la Ntchisi mu Juni. "Zonsezi ndi chakudya ndi mpweya," anatero. "Chakuda ichi m'mphepetemu ndicho tikufuna, koma chikungosuzumira. Mubwerenso Lachinayi likudzali."

Titatuluka ndinafunsa kumene anadya. Akuti, "Kwa alamu anga ku Dzoole." Kwa atsibweni a Yoswa, Akulu! Alongo awo a Amayi, amene sanapondepo pakhomo pathu chimwalirireni Amayi. Kodi pa Mponela resitihausi inatha? Ndinakalipa pa msewu pomwepo, ine amene sindinawakwezerepo mawu Bambo. Iwo anangoti, "Ndidzakulembera, ukadzazizira."

Anakhala kwa ine sabata yonse. Dzulo tinapita, m'mimba mulibe ngakhale dontho la madzi. Tinakhala pa benchi mpaka masana, kenaka nesi uja anabwera kudzatiuza kuti makina afa. Chitsulo chake chiyenera kuchokera kunja, ndipo palibe akudziwa tsiku. A opaleshoni akuti pamene munthu akuyenda yekha sangamung'ambe mongoyerekeza. Atipatsa mapiritsi a ululu. Bambo akwera basi m'mawa uno.

Mwayi unali tsiku lija, ndipo tinautaya chifukwa cha nkhuku. Kodi munawauza bwinobwino? Nanga atsibweni, munthu wodwala akuti sadya, amamukakamiza bwanji? Mwina anachita dala.

Rebeka

Kasakula, Ntchisi
29 Novembala 1989

Rebeka,

Moni. Bambo anafika bwino, sopo ndalandira. Mvula yagwa, tadzala.

Ukufunsa ngati ndinawauza. Ndinawauza mpaka kunditcha wayilesi. Kamba ndinawapatsa mbatata ziwiri zokha. Usandiike mlandu umene suli wanga.

Za atsibweni, iwe sukudziwa chifukwa pa maliro a Amayi unali ku sukulu ku Blantyre, unafika tsiku loika n'kubwerera mawa lake. Ine ndinaona zonse. Titafika ndi mtembo ku Dzoole, Bambo anapempha kuti mwambo ukhale wa mpingo wokha, poti Amayi anali a Chigwirizano. Atsibweni anati mlongo wawo ndi mwana wa mudzi, gule atuluka. Gule anatulukadi. Bambo, mkulu wa mpingo, anakakhala pansi pa mtengo kunja kwa mudzi masiku onse a maliro. Chakudya chikapita, chinkabwerera chosakhudza. Tsiku lomaliza atsibweni anatenga mbale okha, mwamuna wamkulu, kupita nayo pamtengo paja. Bambo anaikananso. Atsibweni anakhuthulira agalu anthu akuona, amvekere, "Amene sadya zathu si wathu, ndi ana ake omwe."

Tsono tamvera. Iwe uli ndi nyumba ya boma ndi mpopi pakhomo. Ine ukwati unatha, ndili pano ndi ana. Amayi anabwera kuno chitengwa, ndiye munda uno si wathu, ndi wa mbumba ya azakhali. Bambo akadzangotseka maso, a Nedson sadzalakwa kuutenga. Ife kwathu ndi ku Dzoole, kumene anatikana. Ukuganiza kuti Bambo sanaone a Nedson akuyenda m'malire?

Pa Mponela resitihausi ilipo, ndipo Bambo akuidziwa. Ku Dzoole anapita dala. Ine tulo sindikuona, mng'ono wanga, chifukwa ndikuopa kuti nkhuku ija anadyera ine.

Tabita

Kasakula, Ntchisi
18 Disembala 1989

Mwana wanga Rebeka,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira kuti wazizira tsopano. Zilembo zanga zapindika pang'ono, koma ukhoza kuwerenga. Ophunzira anga ankalemba moipa kuposa apa ndipo ndinkawapatsa mamalikisi.

Ndinalonjeza kukulembera. Basi itafa, ndinaima pa mphambano n'kuona kuti dzuwa likadalipo lokwanira kuyenda mpaka kwa atsibweni ako. Ndinaganiza kuti munthu wopita kukaonedwa m'kati ndi bwino ayambe wakonza zakunja. Ndinafika kuli chisisira. Alamu sanalipo, anakagona ku maliro mudzi wina. Akazi awo anandiyalira mphasa.

Kutacha ndinamva mawu a alamu panja: "Nsapato za ku mishoni izi zasochera?"

Ndinati, "Zasochera pamodzi ndi mwini wake, alamu."

Anaima pakhomo nthawi yaitali, akundiyang'ana m'mene ndaondera. Sanandipatse moni. Anangotembenuka n'kufuula kuti agwire tambala wofiira uja. Ndinayesa kunena kuti ndikufulumira, koma mawu anga anamira m'phokoso la ana othamangitsa nkhuku. Pamene imapsa, pakhonde panali patadzaza anthu obwera kudzaona mkamwini amene anakana mbale.

Akazi awo anagwada ndi madzi osamba m'manja. Ndinati, "Alamu, adokotala anati m'mawa uno ndisadye, chifukwa..."

Sanandilole kumaliza. "Kale anali Mulungu wanu, lero ndi adokotala. Mawa adzakhala ndani, kondakitala wa basi?"

Wina anaseka. Mai aja anali chigwadire, beseni lili m'manja. Ndikanatha kufotokoza za mawu obwerera ndi kapamba wobisala, poti kufotokoza ndiyo inali ntchito yanga moyo wonse. Koma pakhonde paja panalibe amene akanamva za makina. Akanangoona mbale yachiwiri ikubwerera. Ndinati mumtima, Lachinayi limabwera sabata iliyonse, koma mbale iyi sidzabweranso. Ndinasamba m'manja.

Za Lachinayi ndinaphonya, poti sindinadziwe kuti makina nawonso amadwala.

Tikudya, alamu anatola nthutumba n'kuika mbali yanga. Kenaka anafunsa, maso ali m'mbale, "Tabita ali ndi ana angati tsopano?" Nditawauza, anati, "Munda wa mai ake kudambo kuja ukulimidwa ndi nsenjere." Nkhani yonse inathera pamenepo. Za maliro sitinatchule. Ine sindinalape ndipo iwo sanandipemphe kulapa.

Usawaganizire zoipa atsibweni ako. Sanadziwe. Mkulu wakonso usamulemetse, akudzilemetsa kale yekha. Ngati mkwiyo wako ukusowa pogona, ubwere nawo kwa ine, ndili ndi malo.

Unditumizireko chowerenga, chilichonse, ngakhale nyuzipepala zakale. Ululu umachepa maso akakhala pa tsamba.

Bambo wako,
Kalebe

Lilongwe
20 Epulo 1990

Akulu anga,

Moni kwa inu ndi ana. Pepani kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikungotumiza mabuku ndi mapiritsi popanda kalata ya inu. Sikuti ndinakukwiyirani. Ndinkachita manyazi ndi kalata yanga ija ya Novembala.

Uthenga wanga woti makina akonzedwa munaulandira, poti Bambo anafika Lachitatu. Chimene simunandiuze n'chakuti munatumiza mawu ku Dzoole. Pa depoti ndinaona Bambo akutsika pang'onopang'ono, munthu wina atawagwira mkono. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndizindikire atsibweni. Akalamba, ndipo pamphumi ndi Amayi enieni.

Akuti anakawadikira pa Mponela chim'mawa. Kunyumba kwanga anagona pakhomo pa chipinda cha Bambo ngati mlonda. Lachinayi m'mawa nditawapangira tiyi anakana, amvekere, "Alamu akasala, nanenso ndasala." Pa chipata cha chipatala mai wina anatitambasulira nthochi, atsibweni anamukalipira ngati wagwira mpeni. Bambo anati, "Alamu, mutilowetsa m'ndende tisanaunikidwe."

Ulendo uno chithunzi chinaoneka bwino. Ngakhale ine ndinachiona chotupacho, chachikulu, chakuda, chitakhala pakati. Adokotala anayendetsa kachipangizo kaja mwakachetechete, kenaka anakakweza kudzanja lamanja pansi pa nthiti, n'kukhalitsa pamenepo. Atatha anatikhazika pansi tonse atatu ndipo anajambula pa pepala. Akuti chithumba cha madzi okhaokha chimaoneka chakuda bii, khungu lake lopyapyala, m'kati mopanda kanthu. Cha Bambo chili ndi khungu lochindikala, m'kati muli timakoma togawa zipinda, ndipo pakhoma lina pamera mnofu. Pa chiwindi palinso timadontho timene sitiyenera kukhalapo. Opaleshoni siingathandize. Anati Bambo akakhale kwawo, pakati pa anthu awo, ndipo atipatsa mankhwala a ululu amphamvu.

Bambo anathokoza adokotala, n'kuwafunsanso kuti makinawo amasiyanitsa bwanji madzi ndi mnofu, ndipo anamvetsera yankho lonse ngati ali m'kalasi.

Ine ndinawatsatira adokotala panja n'kufunsa m'Chingerezi kuti atsibweni asamve: tikanaona mu Novembala, bwenzi zili bwanji? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sindikunamizani, sindikudziwa. Mwina timadonthoto tinalipo kale. Mwina ayi. Tsiku lija sindinaone."

Nditabwerera, atsibweni anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Chingerezi samva, koma nkhope amawerenga.

"Iwe Rebeka, usandibisire. Tambala wanga uja ndiye wachita izi?"

Miyezi isanu ndinali nditasunga yankho la funso limenelo, ndipo linali lakuthwa. Koma anayankha ndi Bambo, akumanga mabatani a malaya: "Alamu, chotupachi chinalipo tambala wanu akali dzira. Tiyeni tikapeze tiyi, mwasala mokwanira."

Atsibweni anakhala pa benchi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Bambo anyamuka mawa, ndipo atsibweni akuti awaperekeza mpaka pakhomo. Muwakonzere pogona. Ine ndapempha tchuti mwezi wamawa.

Mng'ono wanu,
Rebeka

Dzoole, Dowa
24 Sepitembala 1990

Rebeka mng'ono wanga,

Moni. Ona pamwambapo, keyala yasintha.

Chichokereni iwe pa maliro a Bambo mu Julayi sindinagwire cholembera. Tsopano ndikuuze zimene zinatsatira. A Nedson sanandithamangitse, ndisawanamizire. Anadikira mwezi wathunthu, kenaka anabwera ndi azakhali madzulo ena, kukhala pa mpando wa Bambo uja n'kuyamba, "Asuweni, mvula ikubwerayi mwaganiza zolima kuti?" Ndinati ndamva. Ndinatumiza mawu kuno, ndipo sabata isanathe atsibweni anafika ndi lole imene inapita kukasiya feteleza. Anakweza okha mtondo, mbuzi ndi mabuku a Bambo. Pa mabukupo anadandaula kuti alamu anasiya njerwa m'malo mwa chuma.

Atipatsa nyumba ya mwana wawo amene ali ku esiteti ku Kasungu. Ana ayamba sukulu. Wamkuluyu anzake akumuseka kuti amapemphera asanadye chimanga chootcha, koma akuzolowera. Tchalitchi chili patali pang'ono, ndimapita. Atsibweni akandiona ndi yunifolomu ya Chigwirizano amati, "Apo a mishoni anyamuka," koma Lamlungu lapitali anandibwereka njinga.

Munda wa Amayi ndi wabwino, dothi lakuda, nsenjere zake zofika m'khosi. Ndayamba kusosa. Koma Rebeka, khasu likulemera. Ndikalitukula ndimaona Bambo m'mene anathera, mikono ngati bango, ndipo ndimati munda uwu ndaugula ndi masiku awo. Dzana ndinangokhala pa chulu mpaka dzuwa kutentha, osalima ngakhale mzere. Iwe unalankhula ndi adokotala, ndipo umawerenga zambiri. Undiuze zoona, usandinyengerere. Akanapanda kudya tsiku lija, bwenzi ali moyo?

Mkulu wako,
Tabita

Lilongwe
8 Okotobala 1990

Akulu anga okondedwa,

Moni kwa inu, kwa ana, ndi kwa atsibweni ndi akazi awo. Ndakondwa kumva kuti ana ali pa sukulu.

Mwati ndisakunyengerereni, ndiye sinditero. Sindikudziwa. Ndafufuza m'mabuku a ku laibulale, ndafunsanso nesi uja nditakumana naye mumsika. Akuti zotupa za mtundu uwu zina zimakhala zaka zili phee, zina zimathamanga, ndipo ngakhale zikaoneka msanga si onse amene amapulumuka pa mpeni. Zimene zinali m'mimba mwa Bambo m'mawa uja palibe anaziona, ndipo palibe adzazione. Ndikanakonda kukulemberani kuti sizikanasintha kanthu, koma mukanadziwa kuti ndikunama.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. Mu Meyi, pa tchuti paja, tsiku lina inu muli kuchigayo, ndinawafunsa Bambo ngati akanadziwa kuti makina adzafa akanasambabe m'manja. Anati, "Ndikanazengereza pang'ono, madzi akanazizira. Koma ndikanasamba." Ndinalira, ndipo ndinawauza kuti sanandiganizire ine, amene ndinkafuna bambo osati munda. Anavomera. Anati kholo la ana awiri nthawi zina limalakwira mmodzi, ndipo iwo anasankha kulakwira amene ali ndi denga.

Mkwiyo umenewo ndikadali nawo pang'ono, sindikubisirani. Koma si wa inu. Inu simunawatume ku Dzoole, ndipo munda simunaugule. Ndi wa Amayi, unali wanu kuyambira kale, Bambo anangotsegula njira imene inatsekeka. Mukausiya kwa nsenjere ndiye kuti anadya pachabe. Limani, Akulu. Mvula ili pafupi.

Mu Disembala ndibwera, mundisungire mizere ingapo yopalira, ngakhale mudzaseka kagwiridwe kanga ka khasu. Mufunse atsibweni ngati akufuna kanthu kuchokera kuno.

Loweruka ndinapezeka ndagula nyuzipepala ziwiri, ina yotumiza ku Kasakula. Ndinazindikira ndili kale pa positi ofesi. Kumeneko kwatsala manda okha. Kwathu tsopano ndi kumene muli inuko.

Mng'ono wanu,
Rebeka